Sienta yodya matayala akumbuyo: momwe ikuyendera patatha miyezi 9 chikonzereni

Galimotoyi ndi Toyota Sienta yakale ija ya NCP81, yokoka ndi matayala akutsogolo, saizi ya matayala 175/70R14. Imanyamula anthu pamsewu wa M3 kuchoka mutauni ya Zomba kupita ku Songani ndi ku Domasi, ndipo masiku ena imalowa m'misewu yafumbi ya cha ku nyanja ya Chilwa. Vuto lake linali loti tayala lakumbuyo lakumanzere linkatha m'mphepete mwa mkati mpaka kuonetsa mawaya, kunja zidindo zikadali zakuya. Inali itapita kawiri ku alayimenti (koyeza ndi kuwongola kaimidwe ka matayala), koma tayala lililonse loikidwa pamenepo linkathabe chimodzimodzi.

Maulendo awiri aja anangodya ndalama pa chifukwa chimodzi. Sienta ya mtundu uwu, monganso Vitz, Passo ndi Honda Fit zokoka kutsogolo, kumbuyo kwake kuli bimu imodzi yolumikiza matayala onse awiri, ndipo palibe bawuti yosinthira toe (kuloza kwa tayala mkati kapena kunja) kapena camber (kupendekera kwa tayala kumwamba kwake). Amene akuyeza amakhoza kukonza kutsogolo, chiwongolero n'kuwongoka, inu n'kulipira, kumbuyo asanakukhudze n'komwe. Musachoke pagalaja musanaone manambala a matayala onse anayi, makamaka toe wa tayala lililonse lakumbuyo palokhapalokha. Nambala yophatikiza mbali zonse ziwiri imanamiza: tayala lina likaloza mkati, lina kunja, kuphatikiza kwake kumaoneka ngati zonse zili bwino, pamene galimoto ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu.

Tayala lokutha limanena lokha chimene chalidya, bola muligwire ndi dzanja. Sisitani chikhatho modutsa zidindo, kuchoka kunja kupita mkati, kenako kubwerera. Likamasalala mbali imodzi koma n'kumakola ngati mano a sowo mukamabwerera, vuto ndi toe. Likatha mbali imodzi mosalala bwinobwino, ganizirani camber. Likakhala ndi zigwembezigwembe kuzungulira tayala lonse, ndiye mashoko afooka, tayala likudumphadumpha m'malo mogwira msewu. Kutha m'mphepete monse muwiri ndi mpweya wochepa, kutha pakati ndi mpweya wochuluka. La Sienta iyi linali ndi mano a sowo mkati, kutanthauza kuti linkaloza kunja. Musachepetse kupotoka kotere. Tayala likapatuka ndi theka la digiri lokha, limakhala likukwekwerezedwa cham'mbali pafupifupi mamita 9 pa kilomita iliyonse, ndipo diso silingaone.

Ntchito inatsata ndondomeko yoyenera, kuyeza kubwera pomalizira. Galimoto itakwezedwa pajeke, tayala linagwedezedwa pamwamba ndi pansi pofufuza bering'i, ndipo linali lolimba. Chitsulo chotemphulira chitalowetsedwa pamene bimu imagwirana ndi thupi la galimoto, bushi (labala yokhala polumikizira pamenepo) yakumanzere inapezeka itang'ambika, bimu ikusuntha moonekeratu. Mabushi anasinthidwa onse awiri, mashoko akumbuyonso onse awiri. Mabawuti a mabushi amamangidwa komaliza galimoto itatera pamatayala ake. Mukawamanga ili m'mwamba, labala imakhala yopotoka galimoto ikangotsika, ndipo sichedwa kung'ambikanso.

Mabushi atsopano anachepetsa vutolo koma sanalithetse. Tayala lakumanzere linkalozabe kunja pang'ono, chizindikiro choti bimu inapindika, mwina pomenya dzenje galimoto itadzaza. Njira zinali ziwiri: kugula bimu ina kapena kuika shimu. Inaikidwa shimu, kachitsulo kopyapyala mbali imodzi, kokhuthala mbali inayo, kolowa pakati pa habu (pomangirira tayala) ndi bimu pomwe pali mabawuti anayi. Malowo ayenera kupalidwa dzimbiri lonse, ndipo waya wa mabuleki a ABS usapanikizike pobwezeretsa. Mawashala wamba sayenera pamenepa, chifukwa habu imatsala itakhalira pa timalo ting'onoting'ono, mabawuti n'kumamasuka. Zowotcha bimu ndi moto wa gasi kuti iwongoke, zimene amakaniko ena amakonda, zikaneni. Bimu imeneyi inapangidwa kuti izipotoka n'kubwerera ngati sipuling'i, ndipo moto umafooketsa chitsulo chake.

Matayala awiri atsopano anaikidwa kumbuyo, ndipo anasiyidwa dala pamalo omwewo kwa makilomita 10,000 oyamba kuti zioneke ngati ntchito yagwira. Zidindo zinkayezedwa mwezi uliwonse malo atatu: mkati, pakati ndi kunja. Pofika makilomita amenewo, kusiyana kwa mkati ndi kunja pa tayala lakumanzere sikunapitirire theka la milimita, ndipo mano a sowo aja sanabwerenso. Kutha pang'ono mkati kotereku n'kwachibadwa, poti matayala akumbuyo a magalimoto amenewa amachokera kufakitale atapendekera mkati pang'ono kumwamba kwake. Chiwongolero chakhalabe chowongoka, ndipo galimoto sikukokeranso mbali imodzi ngakhale potsika mapiri a Domasi itadzaza. Shimu yadutsa dzinja lonse ndi maenje ake osasuntha. Apa ndalama sinapite pachabe.

Chimene chakhumudwitsa ndi mashoko. Anagulidwa otchipa, opanda dzina lodziwika, ndipo mwezi wachisanu lakumanja linali litayamba kutuluka mafuta, fumbi litamatirira thupi lonse. Tayala la mbali imeneyo linayamba zigwembe, limodzi ndi phokoso long'ung'uza loyamba pa liwiro la makilomita 60 pa ola, lomwe ambiri akanaliyesa bering'i. Kusiyanitsa n'kosavuta: sinthanitsani tayalalo ndi lakutsogolo, phokoso likasamuka nalo ndiye si bering'i. Mashoko anasinthidwanso onse awiri ndi a KYB, ndipo zigwembe sizinakule, ngakhale zomwe zinayamba kale sizifafanizika. Kugula kawiri kumeneku kunaposa mtengo wogula abwino poyamba.

Ndemanga pa shimu ndi yakuti imathandiza bimu ikapindika pang'ono. Ikapindika kwambiri moti toe ndi camber zonse zathawa, kapena pali mng'alu pomwe anawotcherera, funani bimu ina basi, ndipo muiyeze mukangoimanga chifukwa za kaunjika nazonso zimabwera zopindika. Sienta ili ndi mipando ya anthu 7. Mukaikamo 10 ndi matumba a mpunga kumbuyo, dzenje loyamba lomwe mumenye likhoza kubweza vuto lonse.

Pakadali pano matayala akusinthidwa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, manati akumangidwa pa 103 Nm, ndipo mpweya ukuyezedwa m'mawa matayala asanatenthe, potsata kapepala komatidwa pafupi ndi chitseko cha dalaivala. Ngati mukugula matayala a kaunjika, werengani manambala anayi omaliza olembedwa m'mbali mwa tayala pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Muligwirenso m'mphepete mwa mkati musanalipire. Lomwe linabwera litadyeka kale mbali imodzi likusokonezani poyeza, mpaka kumaimba mlandu alayimenti yomwe ili bwinobwino.