Nsapato zothamangira za pa kaunjika ku Limbe: zandifikitsa pa makilomita 30

Ndikukonzekera marathoni yanga yoyamba, makilomita 42.195, ndipo anzanga a ku ntchito samafunsa za mawondo kapena mpweya. Amafunsa kumene ndimagula nsapato. Zatsopano zilipo m'mashopu a m'tauni, koma mtengo wa peyala imodzi ungakugulire mapeyala atatu pa kaunjika n'kutsala ndi ya minibasi. Zanga zonse ndinagula mu msika wa Limbe, pa benchi ya bambo ena achikulire amene amagulitsa nsapato zamasewera zokhazokha.

Chimene chimandibwezera kwa madala amenewa n'chakuti sagulitsa maonekedwe. Ukatola nsapato yowala, yochapidwa bwino, amakulanda, n'kuitembenuza, n'kudina ndi chala chachikulu pambali, pa chofewa chija chili pakati pa phazi ndi mphira wapansi. Ina yoyera mbee anandionetsa makwinya ang'onoang'ono atandandalika kuchidendene, n'kunena kuti, "Achimwene, iyi ndi yopitira ku ukwati. Mwini wake anaithamangira mpaka inatopa." Anaiika pa thabwa losalala kuti ndiione chakumbuyo, ndipo inali itapendekera mbali imodzi. Wogulitsa wina akanangondikulungira m'jumbo.

Nkhani ya nsapato ya kaunjika yagona pamenepo. Opanga nsapato ndi ophunzitsa masewera amati peyala yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800. Pamwamba pamakhala pakadali bwinobwino, koma chofewa chija chimakhala chitaphwatalala ngati matiresi akale amene ukagonapo umamva thabwa la bedi. Ya m'belo siibwera ndi kalata yonena mtunda umene yayenda kale. Umadalira maso ndi chala: makwinya, mmene mphira wadyekera kuchidendene, komanso ngati nsapatoyo ikukana pang'ono ukaipotokola. Ikamapindika paliponse mosavuta, isiye. Madalawa amakulola kuchita zonsezi osakukwinyira nkhope, ndipo amakuuza kuti uvale, uthamange pang'ono m'kanjira ka pakati pa mabenchi. Anthu amaseka, koma zilibe kanthu.

Ndinatenga ya Asics yaimvi, yosasangalatsa m'maso, yokulirapo pang'ono kuposa nsapato yanga ya ku ofesi. Iwo ndi amene anaumirira kuti pakati pa chala changa chachitali ndi kutsogolo kwa nsapato patsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja, komanso kuti ndiyese masana phazi litatupako, nditavala sokosi zomwe ndimathamangira. Phindu lake ndaliona pa mitsetse. Blantyre alibe malo athyathyathya otalika. Ukachoka pa Ginnery Corner kutsata Masauko Chipembere Highway kudutsa Chichiri kupita ku Limbe, umakwera mpaka wefuwefu, ndipo pobwerera phazi limakankhikira kutsogolo pa sitepe iliyonse. Mnzanga amene timathamanga naye m'bandakucha amavala yothina, ndipo zikhadabo ziwiri zinada n'kuchoka. Zanga zonse zilipo.

Lamlungu ndi tsiku la mtunda wautali, ndipo ndimakonda msewu wa ku Chileka kudzera pa Kameza. Kumeneko nsapato imayesedwa mokwanira, chifukwa suthamanga pa phula pokhapokha. Minibasi kapena kabaza akakuimbira hutala umatsikira m'mphepete, pa miyala ndi fumbi, kenako n'kukweranso. Asics ija yapirira zonsezo, ndipo tsiku limene ndinafika makilomita 30 miyendo ndiyo inalema, koma kuphazi kunalibe thuza ngakhale limodzi, msongolo sunapweteke. Nthawi ya chiperoni inkanyowa mpaka m'kati. Ndinkangochotsa kapepala kopondapo, n'kuikamo nyuzipepala, mmawa n'kupeza yauma. Pambali pa mbaula musaiyandikize, guluu amasungunuka.

Peyala yachiwiri sinandikomere chimodzimodzi. Ndinaifuna yosinthanitsa ndi yoyambayo, yopepukirapo, yochitira liwiro pakati pa sabata. Pasanathe mwezi mphira wakutsogolo unayamba kuyasamula. Nditabwerera nayo, madala anaiyang'ana, napukusa mutu, n'kuti, "Pepani achimwene, belo sindimanga ndine." Ndalama sabweza, kusinthitsa salola, ndipo zimenezo amanena usanalipire, choncho sindinganene kuti anandinamiza. Wosoka nsapato wa pafupi pomwepo anaisoka ndi ulusi wolimba. Sinamatukenso, koma posokedwapo panauma, moti ikapitirira makilomita 10 imayamba kundipweteka pa chala chaching'ono. Pano ndimangoyendera.

Vuto lina ndi masaizi. Tsiku lotsegula belo, zabwino za 42 ndi 43 zimatha dzuwa lisanakwere, chifukwa anyamata okagulitsa m'misewu amakhala atazungulira kale. Ukafika Loweruka masana upeza zazikulu kwambiri ndi zotopa. Za amayi zothamangiradi zimapezeka mwa apo ndi apo. Mlongo wanga anabwerako chimanjamanja. Zafeki nazo zimalowerera m'milu ya msika wonse, zokhala ndi chizindikiro chodziwika koma pansi pake pali gwa. Pa benchi iyi amazipatula n'kuziika pazokha, pamtengo wotsika.

Pali ena amandiseka kuti ndikuvutikiranji, poti Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. N'zoona. Koma ku Tokyo mu 1964 anapambananso atavala, ndipo iye sanali munthu wokhala pa mpando tsiku lonse ngati ine, woyamba kuthamanga mimba itatsogola kale. Komanso amene mukulinga za Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje, nsapato za pamsewu ngati izi si zake. Kumafunika zokhala ndi mano pansi, ndipo pa benchi iyi sindinazionepo kawirikawiri.

Zophunzirira, ndingamutumize aliyense kumeneko, bola apite ndi nthawi yokwanira yosankha. Za tsiku la mpikisano ndiye ndikusamala. Yaimvi ija yayamba kuonetsa makwinya ake, ndipo sindikufuna kuti idzandithere pa kilomita 35, pamene thupi limakhala litatha kale mphamvu. Sindikufunanso kudzavala yachilendo tsiku lomwelo. Ndawapempha madala kuti akatsegula belo andisungire ya mtundu womwewo yosayenda kwambiri, ndiizolowere pa maulendo angapo aatali ndisanayambe kuchepetsa mtunda m'masabata atatu omaliza. Avomera, koma anena kuti kusungitsa n'kusiya kachikole, ndipo yosungitsa sanenerera mtengo. Amalandira pa Airtel Money ndi pa Mpamba, bola uwonjezere yochotsera.