Vinyl ya Siser EasyWeed pa mbendera ya pakhomo: mmene yakhalira patapita miyezi 7

Ndinagula vinyl yomata ndi moto ya Siser EasyWeed (pulasitiki yopyapyala yokhala ndi guluu, imene umadulamo zilembo n'kuzimata pa nsalu) mu April chifukwa ndinkafuna kupanga mbendera yaing'ono yokongoletsera pakhomo, yonga zimene anthu kuno ku Indiana, m'dziko la America, amapachika pa kachitsulo kozika pakapinga. Zimene ndinkaziona m'masitolo zinali ndi mawu a Chingerezi okhaokha, pamene ine ndinkalakalaka kuti mlendo akamafika aziwerenga mawu akuti "Takulandirani". Ndadikira dala miyezi yonseyi ndisanalembe ndemangayi, pakuti chinthu chokhala panja chimadziwika bwino mvula ndi dzuwa zikachiyesa.

Nsalu imene ndinagwiritsa ntchito ndi ya polyester wobiriwira, ya mainchi 12 m'lifupi ndi 18 m'litali, ndipo zilembo zoyera ndinadula ndi makina a Cricut. Amene akuyamba kumene akumbukire kutembenuza mawuwo pa kompyuta kuti aoneke ngati a pagalasi, ndiponso kugoneka vinyl mbali yonyezimira ili pansi, popeza mbali imeneyo ndi pulasitiki yonyamulira zilembo ndipo siyenera kudulidwa.

Chimene chinandisangalatsa koyamba ndi kusenda kwake. Mawu akuti "Takulandirani" ali ndi zilembo za a zitatu ndi d mmodzi, zonse zokhala ndi timabowo tofunika kutokosola, komanso timadontho tiwiri ta pamwamba pa i timene timasochera mosavuta. Tizidutswa ta m'mabowomo tinkachoka ndikangotikola ndi kachitsulo kosongoka, osang'ambika. Kadontho kamodzi kanatsatira vinyl yotayidwa, koma popeza pulasitiki ija ndi yomata pang'ono, ndinakabwezera pamalo pake ndipo kanagwira. Kwa munthu amene maso ake satha kuonanso bwino tinthu ting'onoting'ono, zimenezi ndi zamtengo wapatali.

Pomata m'pamene pagona nkhani. Opanga ake amalangiza kutentha kwa madigiri 305 a Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 150 a Celsius, kwa masekondi 10 mpaka 15. Ine ndilibe makina otsindira, choncho ndinagwiritsa ntchito simbi yositira zovala, nditatseka nthunzi ndi kuyala pepala lophikira makeke pamwamba. Ulendo woyamba nsonga za chilembo cha T zinatukuka pamene ndinkasenda pulasitiki. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti vuto silinali la vinyl: thebulo lositirapo ndi lofewa, ndipo mpendero wa pamwamba pa mbendera, momwe mumalowa chitsulo, ndi wochindikala moti unkanyamula simbi kuti isatsinde bwino zilembo zoyandikana nawo. Ndinasamutsira ntchitoyo pa thabwa louma pansi, mpendero uja ndinaulendeweretsa kunja kwa thabwalo, n'kutsinda ndi manja awiri malo amodziamodzi popanda kuyendetsa simbi ngati ndikusita malaya. Nditasenda kachiwiri, ulusi wa nsalu unkaonekera pang'ono pa zilembo zoyerazo, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chakuti guluu walowerera. Ndikulangiza kuyesa kaye pangodya ya kumbuyo, chifukwa polyester akapsa amasiya chipsera chonyezimira chimene sichichoka.

Mbenderayi yakhala panja kuyambira mvula za mu May, kudutsa dzuwa loswa mtengo la mu July, mpaka mphepo yozizira ya mu November imene imaikupiza usiku wonse. Palibe chilembo chimene chamatuka kapena kusweka, ngakhale timadontho tija. Ndaichapa kawiri pamanja ndi madzi ozizira, ndipo kuyera kwake kunabwerera. Chimene chagonja ndi nsalu, imene ndinaigula motchipa pa intaneti: kubiriwira kwake kwasuluka kwambiri mbali yoyang'ana kumwera, moti zilembo zikuoneka zatsopano pa nsalu yokalamba. Zimenezi zandipweteka mtima, poganizira madzulo awiri amene ndinathera pa ntchitoyi.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kudziwa musanagule. Mbendera zambiri za panja ndi za nayiloni, ndipo pa nsalu yotero mtundu woyenera ndi EasyWeed Extra, osati umene ndinagula inewu, choncho werengani kaye kapepala ka pa nsalu. Chachiwiri, pa nsalu yopyapyala ya chipande chimodzi, dzuwa likawala kumbuyo mawu amaonekera motembenuka ngati a pagalasi kwa munthu wochokera mbali inayo. Vinyl imeneyi ndidzaigulanso mosakayika, koma mbendera ya Khirisimasi imene ndikukonzekera ndidzaisoka ndekha ndi nsalu yochindikala yophatikiza ziwiri, kuti mawu akhale mbali zonse ndipo owerenga akhale onse, wolowa ndi wotuluka yemwe.