Soda ndi viniga wa maapulo zotsukira tsitsi: ndemanga yanga patatha miyezi inayi

Ndinagula phukusi limeneli mu Julayi kwa mayi wina amene amatsatsa zinthu za tsitsi pa Facebook. M'kati munali paketi ya soda, botolo la viniga wa maapulo, ndi kapepala ka malangizo. Nthawi imeneyo ndinali nditangometa tsitsi langa lothira mankhwala owongola n'kuyamba kusunga lachilengedwe, koma shampu amene ndinkagwiritsa ntchito ankandisiya m'mutu mukuyabwa. Pano ndi Novembala, ndiye ndikuona kuti ndakhala nazo mokwanira kuti ndinene zimene ndaona.

Pa katumizidwe ndilibe dandaulo. Katundu anafika tsiku lomwe tinapangana, botolo lili lomata bwino, ndipo mayiwo amayankha foni mwaulemu. Dandaulo langa lili pa kapepala kaja.

Kanalembedwa kuti ndisungunule supuni yaikulu ya soda m'kapu ya madzi ofunda, ndipake m'mutu, nditsukuluze, kenako ndithire viniga wosakaniza ndi madzi, ndipo ndizichita zimenezi sabata iliyonse. Ulendo woyamba ndinasangalala zedi. Mafuta onse ndi fumbi la ku Area 25 zinachoka, m'mutu munapepuka ngati ndatula mtolo. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu chimodzimodzi. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, chipeso chinayamba kundiuza zina. Ndikapesa, pa chitenje choyera chimene ndimafunda m'mapewa pankagwa titsitsi tifupitifupi toduka pakati, osati tsitsi lothothoka ndi muzu lija timalidziwa tonse. Kunsonga kunkakhakhala ngati chingwe cha khonje. Mtsikana amene amandiluka ku saluni anagwira kumbuyo kwa mutu wanga n'kufunsa kuti, "Asisi, mwayambiranso mankhwala aja kodi?"

Funso limenelo ndi lomwe linandiganizitsa, chifukwa yankho lake lili m'khitchini mwathu momwemu. Soda ameneyu ndi yemwe uja timathira mu therere kapena mu nkhwani kuti masamba afewe msanga, ntchito yomwe agogo athu ankachita ndi chidulo. Ngati amafewetsa tsamba la dzungu m'mphindi zochepa, tsitsi angalisiye bwanji? Khungu la m'mutu limakhala ndi asidi pang'ono, pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, umene nambala yake imatsika asidi akamachuluka, lili cha pa 5.5, pomwe soda ali pakati pa 8 ndi 9. Tsitsi lililonse lili ndi timamba ting'onoting'ono tosanjikizana ngati ta nsomba. Zinthu za mtundu wa soda zimatukula timamba timeneti, chinyontho n'kumathawa, tsitsi n'kumakolana ndi linzake mpaka kuduka. Mankhwala owongola tsitsi aja ali kumbali yomweyo ya muyesowu, kungoti iwo ali pamwamba kwambiri. Mtsikana uja sanalakwe kufananitsa. Ndipo tsitsi lathu lopotanali ndi louma kale, chifukwa mafuta a m'mutu amavutika kuyenda mpaka kunsonga.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti kapepala kaja sikanachenjeze chilichonse. Ndinawalembera mayi aja, iwo n'kundiyankha kuti tsitsi likungozolowera, ndipirire. Sindikukhulupirira kuti ankafuna kundinamiza, mwina nawonso anangouzidwa choncho, koma tsitsi loduka silizolowera. Ndinasiya soda sabata yomweyo. Wotsalayo akuphikira ndiwo.

Viniga yekha ndiye ndalama yanga sinapite pachabe. Ndimathira supuni imodzi yaikulu m'kapu yodzaza madzi, osati ziwiri monga ogulitsa aja ananenera, chifukwa viniga wa m'botolo amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti ndipo akachuluka amaluma, makamaka pamene wadzikanda. Ndimathira pomaliza, ndikudikira mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kutsukuluza ndi madzi ozizira. Tsitsi limagona, chipeso chimadutsa. Ubwino wake ndinauona kwambiri nditapita kukaona amayi ku Nchalo, kumene madzi a pa mjigo wathu ali ndi mchere ndipo sopo sachita thovu bwino. Kale ndikasamba kumeneko tsitsi linkatsala ndi zoyera zonanda ngati ndalipaka phala. Ulendo uno viniga anazichotsa. Fungo lilipo tsitsi likadali lonyowa, ndipo likauma limatha. Samalani m'maso. Musasakanizenso soda ndi viniga m'kapu imodzi pofuna kufulumira, zimangochita thovu n'kuthetsana mphamvu.

Nanga tsopano ndimatsuka ndi chiyani? Apa ndiyamike amayi anga, osati wogulitsa. Atandiona ndikudandaula ndi titsitsi tija, anandiuza kuti iwo ali atsikana sopo akasowa ankafikisa masamba a chewe m'madzi n'kutsukira m'mutu. Chewe sindimupeza kawirikawiri m'tauni muno, koma therere lobala lili pa msika uliwonse, ndipo kunanda kwake n'kofanana. Ndimadula asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kuwiritsa m'madzi okwana theka la lita kwa mphindi ngati 10, opanda soda, opanda mchere. Ndimasefa ndi kansalu koyera madziwo akadali ofunda, chifukwa akazizira amalimba n'kukana kudutsa. Ndikathira m'tsitsi lonyowa, zala zimangoterera, mfundo zimene kale ndinkazidula ndi sizasi zimamasuka zokha. Tsiku loyamba ndinakhala pa mpando kuseri kwa nyumba ndikumasula tsitsi chigawo ndi chigawo, ndipo pomaliza m'dzanja munali tsitsi lochepa kwambiri moti ndinaitana mwana wanga kuti adzaone.

Koma ndisakunamizeni, madzi a therere satsuka ngati shampu. Thukuta ndi fumbi zimachoka, pomwe mafuta olemera ngati Vaseline sachoka. Ngati mumadzola oterowo m'mutu, mudzafunikabe shampu kapena sopo wofatsa. Ine ndimagwiritsa ntchito shampu kamodzi pa mwezi, masabata enawo therere ndi viniga. Madziwo sachedwanso kusasa. Kunja kukutentha chonchi, magetsi akazima, mawa lake amakhala atayamba fungo, ndiye ndimaphika ongokwanira tsiku lomwelo. Mukapanda kusefa bwino, njere zake mudzazitola m'tsitsi mpaka madzulo.

Kwa amayi anzanga amene muli ndi ana, chonde, zinthu izi si mankhwala a chipere. Mwana akatuluka chipere m'mutu pitani naye kuchipatala, chifukwa cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, ndipo viniga pa bala amangomuliza mwanayo.

Phukusi lonse ndikulipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu, ndipo ziwirizo ndi za viniga. Sindidzaligulanso, popeza viniga wa maapulo ndimupeza m'sitolo payekha, soda ali pa okala iliyonse. Mayi ogulitsa, ngati mukuwerenga, chotsani mawu akuti sabata iliyonse pa kapepala kaja, ndipo mulembepo chenjezo kwa a tsitsi louma ndi amene anathirapo mankhwala owongola. Kumbuyo kwa mutu wanga tsitsi likadali lalifupi kuposa kwina konse, ndipo wondiluka akuti tidikire mpaka Khirisimasi tisanalukepo mesh.