Yezani katoni musanasankhe kampani yotumizira katundu

Makampani otumiza katundu kwathu amalengeza mtengo wa pa kilo, ife n'kumathamangira kumene kilo yatsikako. Chimene sitifunsa n'chakuti kiloyo amaiwerenga bwanji. Ndatumizapo pa ndege, pa positi, pa sitima yapamadzi ndi pamsewu, ndipo kunena mosapsatira, abale anga, ndalama zambiri zimathera pa tepi yoyezera. Sikelo kawirikawiri siinama.

Katoni ikamakwera ndege imakhala ndi kulemera kwa mitundu iwiri. Kwina n'kwa pa sikelo. Kwinako amachita kuwerengetsa poona malo amene katoniyo idye m'ndegemo, ndipo pa lisiti amalemba kuti volumetric weight. Amayeza m'litali, m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kuchulukitsa nambala zitatuzo, kenako n'kugawa ndi nambala yawoyawo. Kumene kwaposa kunzake ndi kumene mumalipira. Kampani ya mtengatenga ya DHL Express imagawa ndi 5000, pamene makampani a kago otsatira muyezo wa IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse, amagawa ndi 6000.

Tengani katoni ya masentimita 60 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 msinkhu. Mukachulukitsa mupeza 120,000. Kugawa ndi 5000 ndi makilo 24, kugawa ndi 6000 ndi makilo 20. Mwadzazamo mabulangete ndi majekete, sikelo yaonetsa makilo 9, koma mulipira 24 kapena 20, malinga ndi khomo limene mwalowa. Katoni yomweyo, katundu yemweyo, kusiyana makilo anayi athunthu. Ndiye kampani imene kilo yake ikuoneka yokwera pang'ono koma ikugawa ndi 6000 ikhoza kukhala yotchipa kuposa inzake. Ine ndimangokumbukira chonchi: pa 5000, lita iliyonse ya malo m'katoni amaiwerengera magalamu 200, ndipo pa 6000 ndi magalamu 167. Katundu wanu akapepuka kuposa pamenepo, mukulipirira mpweya. Katoni ija mutaidula msinkhu kufika pa masentimita 30, n'kupanikiza zovalazo m'mapepala opopa mpweya aja, makilo 24 atsika kufika pa 18.

Makampani akuluakulu a mtengatenga, monga DHL, FedEx ndi UPS, ndimawayamikira pa chinthu chimodzi: kawerengedwe kawo anakalemba poyera, ndipo mukhoza kuwerengetsa nokha muli kunyumba. Dziwani chabe kuti amatha kuyezanso katunduyo akafika m'manja mwawo, komanso kachidutswa ka kilo amakakweza m'mwamba, sakatsitsa. Zikalata, foni, zipangizo za galimoto, tinthu tating'ono koma tolemera, kumeneko n'koyenera. Zogona ndi zovala za nyengo yozizira ayi ndithu.

Timakampani ting'onoting'ono timene anzathu omwe anatsegula, tosonkhanitsa makatoni a anthu ambiri n'kutumiza pamodzi, ndi kumene kuli zabwino ndi zoipa zomwe. Ena amayeza inu mukuona, n'kulemba nambala zitatu zija pa lisiti ndi pa katoni pomwe. Amenewo ndimabwererako. Kwina ndinasiya katoni ya makilo 24, kenako foni n'kulira kuti ndionjezere ndalama chifukwa yakwana 27 ndi theka. Nditafunsa kuti zatheka bwanji, yankho linali lakuti "ndi mmene makina aonetsera, bwana." Mwina sananame. Katoni yodzaza mopitirira imatupa mimba, ndipo tepi imadutsa pamene patupa kwambiri. Masentimita awiri okha mbali iliyonse asandutsa 60, 50 ndi 40 kukhala 62, 52 ndi 42, zomwe ndi 135,408, ndipo kugawa ndi 5000 kukupatsani makilo 27 ndi kakusefukira, kamene akakakweza m'mwamba n'kufika 27 ndi theka uja. Chimene chinandiwawa n'chakuti nambalazo sanafune kundipatsa. Wokana kukuuzani nambala imene amagawira, kapena wonena kuti adzayeza inu mutapita, musamusiyire katoni.

Anzathu a ku America ali ndi mutu wina wowawa, chifukwa matepi ndi makatoni a kumeneko ndi a mainchesi, sikelo n'kukhala ya mapaundi. Miyezo imeneyi inakhazikitsidwa pa mgwirizano wa mu 1959: inchi imodzi ndi masentimita 2.54 ndendende, paundi imodzi ndi makilogalamu 0.45359237. Pamtima, kilo imodzi ndi mapaundi 2.2. Kuti mubweze mapaundi kukhala makilo, dulani pakati n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo khumi a chimene chatsalacho: mapaundi 60, theka lake 30, kuchotsa 3, makilo 27. Potumiza kunja kuchokera kumeneko, FedEx imagawa ndi 139, yomwe ndi 5000 yomwe ija itavala mainchesi ndi mapaundi. Katoni ya mainchesi 18, 18 ndi 24 imapereka 7,776, ndipo kugawa ndi 139 ndi mapaundi 56, kutanthauza makilo 25.4.

Apa pali dzenje limene ambiri amagweramo. Munthu amalowetsa mainchesi aja pa kalikuleta ya pa intaneti imene ikufuna masentimita, n'kuona kilo imodzi ndi theka, mtima m'malo. Chilipocho n'chakuti 2.54 uja amalowa katatu, kamodzi pa mbali iliyonse, ndiye cholakwikacho chimakula kupitirira ka 16. Sinthani mbali iliyonse payokha kaye, muchulukitse pambuyo. A ku UK nawonso asamale ndi sikelo za kubafa zoonetsa ma stone: stone imodzi ndi mapaundi 14, kapena makilo 6.35.

Positi anthu amainyoza, koma pa timaphukusi ting'onoting'ono ndimaikonda, bola musakhale pa changu. Malire a mayiko ambiri, omwenso Royal Mail, positi ya ku UK, imatsatira, ndi makilo 2, ndipo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu mukaphatikiza zisapose masentimita 90, mbali yaitali isapose 60. Apa n'kuphatikiza, osati kuchulukitsa. Ku USPS, positi ya ku America, kaphukusi kotere kamalekezera pa mapaundi 4, omwe ndi makilo 1.81, ndiye amene wapakira makilo 2 akabwezedwa pa kauntala. Musaiwale kuti katoni ndi selotepi nazo zimakwera sikelo.

Pa sitima yapamadzi nkhani ndi malo. Amawerenga ma cubic metre, pa mapepala amalemba CBM, ndipo imodzi ndi bokosi la mita imodzi mbali zonse, lokwana malita 1,000. Katoni yathu ija ndi 0.12, choncho makatoni asanu ndi atatu otere ndi 0.96, kungotsala pang'ono kukwana imodzi. Kulemera kumayamba kulankhula pokhapokha katundu akaposa makilo 1,000 pa CBM, zomwe pa katundu wa m'nyumba sizichitikachitika. Ambiri amalipiritsa CBM yathunthu ngakhale mwabweretsa theka, ndiye kuli bwino kupangana ndi anzanu mudzaze limodzi. Akakutchulirani mtengo wa pa cubic foot, lomwe ndi bokosi la mainchesi 12 mbali zonse, chulukitsani ndi 35.3 kuti mufanizire ndi wa pa CBM, apo ayi kanambala kakang'onoko kakunyengani. Za migolo funsaninso bwino. Mgolo wa magaloni 55 a ku America ndi malita 208, chifukwa galoni yawo ndi malita 3.785, pamene ya ku UK ndi 4.546. Ena amalipiritsa pa mgolo, ena amauyeza ngati bokosi la ngodya zinayi, n'kufika pafupifupi CBM 0.3 pamene mkati mukulowa 0.2 yokha. Kwa katundu wotupa wosafulumira, njira imeneyi sindinaipezere mnzake. Kuleza mtima kokha.

Madalaivala a mabasi ndi mathiraki amayeza ndi maso ndi dzanja. Amanyamula chikwama, n'kuchitula, n'kutchula mtengo. Pa mabulangete mumapindula, popeza palibe akugawa ndi 5000. Vuto n'lakuti palibe cholembedwa chosonyeza kuti chinanyamuka chikulemera bwanji, ndiye chikafika chitaphwa mulibe pogwira. Kwerani pa sikelo mutachinyamula, kweraninso chimanjamanja, kusiyana kwakeko ndiko kulemera kwa chikwama. Lembani nambalayo pa chikwamapo dalaivala akuona, jambulani, n'kutumizira wolandira.

Mukapatsira munthu amene akukwera ndege, ndege zambiri zimalola makilo 23 pa sutikesi, ndi masentimita 158 mukaphatikiza mbali zitatu. Ku America amati mapaundi 50 ndi mainchesi 62, koma mapaundi 50 ndi makilo 22.7, osati 23. Magalamu 300 amenewo aonetsa anthu ambiri manyazi, akutsegula sutikesi pansi pa bwalo la ndege mzere wonse ukuwayang'ana.

Kanthu kena kali pa mafomu. Ku South Africa, Portugal, Germany ndi mayiko ena ambiri, pamene a ku UK ndi America amaika dontho iwo amaika koma, moti 2,5 kg ndi makilo awiri ndi theka. Kaphukusi ka kilo imodzi ndi magalamu 250 kalembedwa 1,250 kg, ndipo wowerenga wa kwina akhoza kuona makilo oposa 1,000. Pa tinthu tochepa ine ndimangolemba magalamu, 1250 g, popanda dontho kapena koma.