Poncho wa ku Otavalo m'chisanu cha ku Lilongwe

Alamu anga atabwerako ku Ecuador, dziko la ku South America, anandipatsa poncho, chovala chonga bulangete chobooledwa pakati polowetsa mutu, ndipo ndachivala nyengo yonse yozizira ya chaka chino. Anachigula ku Plaza de Ponchos, msika wa m'tauni ya Otavalo m'chigawo cha Imbabura, womwe umadzaza kwambiri Loweruka. Tauniyi ili m'mapiri a Andes, pamalo okwera mamita oposa 2,500, pamene Lilongwe ndi wokwera pafupifupi mamita 1,050 okha, choncho eni chovalachi amachidziwa chisanu kuposa ife.

Ndinachiyesa koyamba mu June pa maliro ku Area 25, pomwe tinachezera panja usiku wonse. Moto wa pasiwa umafunditsa kumaso kokha msana uli zii, koma ine ndinafundidwa mpaka tambala kulira, manja ali omasuka kulandira kapu ya tiyi. Mkulu wina anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Achimwene, bulangeteli mwachita kuliboola dala?" Pa kabaza wa njinga yamoto m'pamene chimavuta, chifukwa chimakupizika ndi mphepo.

Anthu a ku Otavalo amalankhula chinenero cha Kichwa, ndipo kuwomba nsalu anayamba kalekale Asipanishi asanafike. Atsamundawo anawakakamiza kugwira ntchito ya thangata m'nyumba zowombera nsalu zotchedwa obrajes, koma lero malondawo ali m'manja mwawo, makamaka mabanja a m'midzi ngati Peguche. Amuna a kumeneko amaluka tsitsi lalitali kumbuyo, ndipo pa zikondwerero amavala poncho wabuluu pamwamba pa thalauzi loyera. Wangayu, wamizeremizere yofiira ndi yachikasu, ndi wopangira alendo.

Dandaulo langa lili pa ulusi. Wogulitsayo anauza alamu kuti ndi ubweya wa alpaca, nyama zaubweya ngati nkhosa koma za makosi aatali, ngakhale kuti nyamazi zimawetedwa kwambiri ku Peru osati ku Ecuador. Ndinasolola kaulusi kamodzi ku mphonje n'kukayatsa ndi machesi: m'malo monunkha ngati tsitsi lopserera, monga umachitira ubweya weniweni, kanasungunuka n'kuuma gwa ngati pulasitiki. Ndi ulusi wa kufakitale, ndipo pafupi ndi moto ndimakhala nacho mosamala tsopano. Ndachichapa katatu pamanja ndi madzi ozizira. Mtundu sunasuluke, koma paphewa pomwe ndimakoleka chikwama payamba kutuluka timibulu. Ndawapempha alamu kuti akadzapitanso adzandifunire wa ubweya wa nkhosa, wolemera uja, ngakhale umayabwa pakhosi.