Kupimitsa mafuta a m'magazi ku South Korea: ntchito yabwino, koma za tulo safunsa

Wogwira ntchito aliyense amene ali pa inshuwalansi ya boma ya National Health Insurance Service ku South Korea, ngakhale mlendo, amapimidwa thupi mwaulere. Wa muofesi amapita kamodzi pa zaka ziwiri, wa ntchito zamanja chaka ndi chaka. Mzere umayenda msanga, kupatula mu Novembala ndi Disembala pamene onse ozengereza amakhamukirako.

Mbali ya kolesitolo, mtundu wa mafuta a m'magazi, njolongosoka. Amatenga magazi pamkono munthu atakhala maola osachepera 8 osadya, ndipo amayeza zinthu zinayi. Madokotala akumeneko amati zalakwika kolesitolo yense akafika 240 mg/dL, LDL (kolesitolo woipa) 160, triglycerides (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) 200, kapena HDL (kolesitolo wabwino) ikatsika pansi pa 40. Chimene chimasokoneza zotsatira kawirikawiri ndi dzulo lake: nyama yootcha ndi mowa wa soju pamgonero wa kuntchito zimakweza triglycerides mpaka m'mawa. Popeza LDL nthawi zambiri amaiwerengera kuchokera ku manambala enawo, nayonso imatuluka yokhota. Mowa usiyeni masiku awiri kapena atatu musanapite.

Dandaulo loyamba ndi lakuti kuyambira 2018 mafutawa amayezedwa kamodzi kokha pa zaka zinayi, amuna kuyambira zaka 24, akazi 40. Kwa munthu amene mimba yayamba kutsogola, zaka zinayi nzambiri.

Lachiwiri ndiye lotipweteka mtima. Fomu imafunsa za fodya, mowa, masewera olimbitsa thupi ndi matenda a m'banja, koma maola ogona ayi, chonsecho umboni woti tulo limakhudzana ndi mafutawa uli pakhomo pawo pomwe. Mu 2018 akatswiri a Seoul National University adatulutsa kafukufuku wa anthu 133,608 a zaka 40 mpaka 69. Ogona maola osakwana 6 adapezeka ndi mimba zokulirapo. Ogona maola 10 kapena kuposa adali ndi triglycerides wokwera, amuna ndi akazi omwe, ndipo akazi HDL idali yotsikanso. Izi sizikutanthauza kuti tulo ndiye gwero lokhalo. Wosagona mokwanira njala imamuvuta, amadya ramyeon (manudozi ophika msanga) pakati pausiku, masana ulesi. Wogona kwambiri mwina amabanika kutulo, akuliza mkonono usiku wonse osapumula kwenikweni, ndipo vuto limeneli limayenda limodzi ndi kunenepa. Funso limodzi pafomu likadamuunikira dokotala zonsezi.

Pakadali pano dzithandizeni nokha. Kwa masabata awiri lembani nthawi yogona ndi yodzuka, makamaka ngati mumagwira mashifiti ausiku, mufunsenso amene mumagona naye ngati mumasiya kupuma kutulo. Pepalalo mupite nalo kwa dokotala pamodzi ndi zotsatira, zomwe zimafika m'masiku pafupifupi 15. Nambala ikakhala pafupi ndi malire aja, lipirani nokha kukiliniki yapafupi akuyezeninso pakatha miyezi itatu.