Jenereta kapena sola ndi mabatire: zomwe taona ku ofesi kwathu chichokereni 2022

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso lomweli, mmodzi ndi mnzanga wa ku sekondale yemwe pano ali ku akaunti ku bungwe lina ku Lilongwe, akuti abwana awauza alembe pulani yoti ntchito isamaime magetsi akathima ndiye akufuna adziwe kuti ndalama aike pa jenereta yatsopano kapena pa sola ndi mabatire. Ndatopa nazo zoyankha pa WhatsApp mmodzimmodzi, bola ndilembe kamodzi aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Ine ndili ku bungwe lalikulu ndithu ku Blantyre kuno, antchito mazana angapo, nthambi m'maboma, koma maseva onse, makompyuta aja osunga zolemba ndi masisitimu a bungwe, ali ku likulu m'kachipinda kamodzi. Zonse ziwiri tili nazo. Ndineneretu kuti jenereta ndili nayo chakukhosi, ndiye muziwerenga mukudziwa zimenezo. Za ma kVA ndi mitundu ya mainjini sindilowamo, ogulitsa akupatsani mapepala mpaka mutatopa.

Jenereta yathu inagulidwa kale kuti izilira mwa apo ndi apo, magetsi akathima ola limodzi kapena awiri. Ndiye mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo chaka chonse chija mukukumbuka mmene zinalili, kuthima m'mawa kuyaka madzulo, mawa lake kusinthana. Jenereta ija inasanduka ESCOM wathu. Ya 100 kVA ikanyamula katundu wokwanira imamwa malita 15 mpaka 20 pa ola, werengani nokha kwa maola 8, ndiye muonjezere kuti chakumapeto kwa chaka chomwecho mafuta anasowa, madalaivala athu kugona pa mzere, kufika pa pampu akuuzidwa kuti m'madiramu sitithira bweretsani kalata. Sevisi nayo amawerenga maola, pa 250 aliwonse oyilo ndi mafyuluta, pa bajeti tinaika kawiri pa chaka koma inakhala ya pafupifupi mwezi ndi mwezi. Zonsezi ndinapirira, sizimene ndimadana nayo.

Chimene chinandipweteka ndi Lachisanu lina lakumapeto kwa mwezi. A ku akaunti anasiya sisitimu ikuwerengetsa malipiro usiku kuti Lolemba m'mawa fayilo ipite ku banki. Cha m'ma 9 koloko magetsi anathima, jenereta inadzilizira yokha bwinobwino ngati nthawi zonse, koma kabokosi kaja kosinthira magetsi kuchoka ku ESCOM kupita ku jenereta, amati ATS, sikanasinthe. Ndiye jenereta ikubangula panja, ikumwa dizilo wathu wovutikira uja usiku wonse, koma m'nyumba mulibe ngakhale kababu kamodzi koyaka. Magetsi a panja ndi a sola aja oima paokha pa mapolo ndiye alonda sanaone kusiyana kulikonse. UPS, kabokosi ka mabatire kogwirizira makompyuta kwa kanthawi magetsi akathima, inagwira maseva kwa mphindi ngati 20 kenako zonse phii, pakati pa ntchito. Loweruka m'mawa munthu wa ku nthambi ina akundiimbira kuti sisitimu sikutseguka, ine kuimbira alonda, iwo amvekere, "Ayi bwana kuno kulibe vuto, jenereta ikulira bwinobwino chiyambire dzulo." Ndipo sankanama.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti pulani yathu ija inali yongosangalatsa ma odita. Chikalata cha masamba ambirimbiri, chokongola, chonena kuti vuto likagwa woyamba kuimbiridwa ndi ndani, wachiwiri ndani, chinali pa seva yomwe yazimayo. Kapepala komwe kanali ku nyumba ya alonda kanali ndi nambala ya munthu yemwe anasiya ntchito kalekale. Posinthira pamanja panalipo, koma kiyi wa bokosi lake anali m'thumba mwa mkulu wa zokonzakonza yemwe anali ku maliro kumudzi kwawo kopanda netiweki.

Ndiye ndinaimbira kampani yomwe tinali nayo pa kontrakiti ya sevisi, yomwe timailipira chaka ndi chaka osaphonya. Pa tsamba loyamba analemba kuti amafika pasanathe maola 4. Pa tsamba lakumapeto, timalemba ting'onoting'ono, maola 4 akewo ndi a masiku a ntchito, Lolemba mpaka Lachisanu nthawi yoweruka isanakwane. Loweruka ndi Lamulungu pali ndalama yapadera yongoyendera basi, asanagwire sipanala. Tinalipira, nanga tikanatani. Mmisiri atafika anayang'ana n'kunena kuti jenereta ili bho, chafa ndi ATS, ndipo ATS m'kontrakiti mulibe chifukwa "si jenereta". Zoona eti? Chinthu chomwe anatigulitsa okha, anamangirira okha tsiku limodzi ndi jeneretayo, lero si mbali yake. Chipangizo chake m'dziko muno munalibe, choitanitsa ku South Africa, ndipo ndalama zakunja nthawi imeneyo mukudziwa mmene zinkavutira, tinakhala milungu tikusintha pamanja, munthu kumathamanga kukakoka chitsulo magetsi akangothima. Loko wa bokosi lija tinachita kuthyola.

Maseva anadzuka Loweruka madzulo koma detabesi ya malipiro inali itaonongeka, bakapu, kope losungira padera, yabwino yomaliza inali ya Lachitatu usiku, ndiye zonse za Lachinayi ndi Lachisanu a ku akaunti analowetsanso pamanja. Malipiro anachedwa masiku atatu. Kwa inu mwina ndi nkhani yaing'ono koma kuyenda m'kolido anthu akukuyang'ana ngati ndiwe wadya ndalama zawo, wina landilodi akumuopseza, wina mwana wabwezedwa fizi, sindidzaiwala. Mayi wina wokonza m'maofesi anangondifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi zitheka sabata ino?" Ine mawu kusowa.

Pano za sola. Mtengo wogulira ndi wowawa, palibe zobisa, kuposa jenereta kutali ngati mukufuna mabatire a lithium, ndipo musalole kuti akunamizeni ndi a gel kapena a asidi aja kuti ndi otchipa, amenewo safuna kutsitsidwa kupitirira theka ndipo ndi kuthimathima kwa kuno amafa msanga, a lithium amapirira kutchajidwa ndi kutsitsidwa maulendo masauzande. Nafenso kuno tinalumidwa pang'ono. Koteshoni inabwera mu Okutobala 2023, yogwira ntchito masiku 7 okha, ife ndi makomiti athu ogula zinthu kusainirana uku ndi uku, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, koteshoni yatsopano kubwera tonse kugwira pakamwa. Koma apa wolakwa si wogulitsa, ndi ife ochedwa, ndiye sindisunga mangawa. Tinachepetsa, m'malo mwa nyumba yonse tinangoika chipinda cha maseva, akaunti, mawaya a intaneti ndi polandirira alendo.

Chimene ndimakondera sola ndi mabatire ndi choti palibe chodikira. Jenereta imafuna masekondi 10 kapena kuposa kuti ilire n'kunyamula katundu, pakati pamenepo moyo wanu uli m'manja mwa UPS ndi ATS, zinthu ziwiri zimene aliyense amaiwala kuti ziliko. Inveta, makina osandutsa mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba, imasintha m'kuphethira kwa diso, kompyuta siimva n'komwe, ambiri ku akaunti amadziwa kuti magetsi athima akamva a m'chipinda china akudandaula. Komanso imatumiza uthenga pa foni kuti ESCOM wachoka, batire yatsala mwakuti, ndiye za "ikulira bwinobwino" zija zinatha. Onetsetsani kuti rauta ya intaneti ili pa mabatire omwewo apo ayi uthengawo sufika.

Zovuta zake zilipo. Eyakoni ya m'chipinda cha maseva imadya batire kuposa maseva eni ake, amene akukuwerengerani katundu akaiwala imeneyo maola omwe akulonjezani muwadule pakati. Anthu nawo ndi anthu, akangodziwa soketi yomwe siithima mupeza ketulo, mu Juni mupeza hita pansi pa desiki, mpaka tinaika masoketi ofiira ndi kulengeza pa msonkhano. Ndiye pali chiperoni, Blantyre ikakutidwa masiku atatu anayi mapanelo amangokhala ngati zokongoletsa denga. Ndipo ndikakumbuka Freddy mu Malichi 2023, mvula usana ndi usiku dzuwa osaoneka, magetsi nawonso kulibe, ndimavomera monyinyirika kuti tikanakhala ndi sola yekha tikanagona. N'chifukwa chake jenereta sitinaigulitse ngakhale ine ndinkafuna. Pano ntchito yake ndi kutchaja mabatire zikafika povuta, imalira maola ochepa itanyamula katundu wokwanira, zomwenso ndi zabwino kwa injini ya dizilo chifukwa kuilizira nthawi yaitali ndi katundu wochepa imachita mwaye mkati.

Phokoso ndi utsi, sola wapambana, palibe zokambirana. Malo, jenereta imangofuna kakona pamene mapanelo amafuna denga lolimba lopanda mthunzi. Kuba kuli konsekonse, dizilo amapopa ndi kapaipi, mapanelo amamasula, koma dizilo amatha osaoneka pamene panelo likasowa aliyense amaona. Amisiri odziwa jenereta ndi ambiri mpaka m'maboma, odziwa inveta zikuluzikulu ndi ochepa ndipo ambiri ali m'tauni, ndiye ku nthambi zakutali ganizirani kawiri. Dizilo wosunga mu thanki miyezi yambiri amalowa madzi ndi zinyalala, anzathu ena anazionera pa tsiku lomwe ankamufuna.

Kwa mnzanga wa ku Lilongwe uja ndinamuuza kuti asanapite kwa ogulitsa akhale pansi ndi akuluakulu a madipatimenti awafunse mafunso awiri, ntchito yanu ingaime maola angati zinthu zisanaonongeke, ndipo mungalole kutaya zolemba za maola angati. Ma odita otsata ISO 22301, muyezo wa mapulani oti ntchito isamaime pakagwa vuto, amafunsa zomwezo m'chizungu chovuta. Aliyense amayamba ndi kunena kuti yake singaime ngakhale mphindi imodzi, mukawaonetsa mtengo amasintha, kwathu kunapezeka kuti zosayenera kuima n'komwe ndi zipinda zinayi zokha, ena onse akhoza kudikira jenereta kapena kupita kukamwa tiyi. Zipinda zinayizo ikani pa lithium. Jenereta ngati muli nayo kale isungeni ikhale yachiwiri, ngati mulibe gulani yaing'ono yokwana kutchaja mabatire, osati chilombo chonyamula nyumba yonse.

Kontrakiti ya sevisi tinasamukira kwina, ndipo ndinakana kusaina mpaka mawu akuti ATS, Loweruka, Lamulungu ndi holide atalembedwa pa tsamba loyamba. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse 10 koloko m'mawa timazimitsa dala swichi yaikulu anthu ali pa ntchito, osati kungoliza jenereta payokha ngati kale, chifukwa kuliza kokha kuja ndi komwe kunatibisira vuto la ATS. Manambala a foni ali pa pepala lokutidwa ndi pulasitiki ku nyumba ya alonda, ndimawaimba ndekha miyezi itatu iliyonse kuona ngati eni ake adakali nafe, kiyi wa bokosi ali pa msomali pomwepo. Alonda tinawauza kuti jenereta ikalira asamvere phokoso, apite pa windo la chipinda cha maseva akaone ngati kababu kobiriwira kakuyaka.